Za Munthu Wapakati: Ana Ake ndi Mbumba Yake

Abale athu okondedwa a m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, mwezi uno tifuna kukamba nanu za munthu amene sitimkumbukira kawirikawiri. Za ana tikamba masiku onse, pakuti ana alira ndipo amveka. Za nkhalamba tikambanso, pakuti imvi zioneka patali. Koma pakati pa awiriwa pali munthu wina, wa zaka 40 kapena 50, amene salinso mnyamata kapena mtsikana, koma sanafikenso pokhala pamphasa kudikira kuti adzukulu amphikire. Iyeyu ndiye agwira khasu lalikulu, ndiye aitanidwa kukagwa maliro, ndiye afunsidwa ndalama kukadwala munthu. Ife timutcha munthu wapakati, ndipo tidziwa kuti ambiri a inu amene mukumva nkhaniyi ikuwerengedwa pakhonde ndinu anthu otere.

TSIKU LIMODZI PAKHOMO

Tiyeni tilowe pakhomo lina m'mwezi wa Febuluwale, kaya ndi kwa Dzoole, kaya kwa Kayembe, kaya kwa Nthondo ku mapiri a Ntchisi. Sititchula dzina, pakuti khomo lotere lili m'mudzi uliwonse.

Bambo adzuka tambala atangolira, napita kumunda kukathyola masamba a m'munsi a fodya amene ayamba kupsa. Mayi naye adzuka, nakoleza moto, napita ku mjigo, naphikira ana phala kuti apite ku sukulu. Atatha izi alowa m'chigafa kukasoka fodya wa dzulo. M'nkhokwe mwatsala chimanga cha pansi chokha, ndipo cha kumunda chidakali chachiwisi. Ndalama za fodya wa chaka chatha zinatha kalekale, ndipo za chaka chino sizioneka kufikira msika utatsegulidwa, m'mwezi wa Epulo kapena pambuyo pake.

Dzuwa lisanakwere afika mnyamata, mwana wa mlongo wake wa bamboyo. Akhala pansi, apereka moni, nati: "Atsibweni, andituma amayi. Akuti ufa watha, ndipo mwana wamng'ono sanadye chiyambire dzulo." Masana foni ilira: apongozi, amayi ake a mayi wa pakhomopo, agonekedwa ku chipatala cha Madisi, ndipo pafunika munthu wokawadikirira. Dzuwa litapendeka afika wina ndi uthenga wa maliro a kumudzi kwa atate ake a bamboyo. Kumeneko sangapite chimanjamanja, ndipo fodya amene wathyola m'mawa sangadikire masiku atatu ali pamulu. Kuwonjezera apo, mwana wawo wamkazi amene ali ku sekondale anatumiza mawu sabata yatha kuti nsapato zang'ambika ndipo sopo watha.

Usiku ana atagona, mayi afunsa motsitsa mawu: "Bambo, chimanga chija ndinapatula cha mwezi uno, mwatapapo kodi?" Bambo ayankha: "Ndikanatani, aNaphiri? Ndi mwana wa mlongo wanga, magazi anga enieni." Ndipo mayi ati: "Nanga awa agona m'nyumba muno ndi ana a yani?"

Funso limeneli, abale athu, ndilo mutu wa nkhani yathu. Lafunsidwa m'nyumba zambiri, ndipo lapasula maukwati amene njala yeniyeni siinathe kuwapasula. Bamboyo si woipa, ndipo mayiyo si woumira. Onse awiri akunena zoona. Kuti timvetse chifukwa chake zoona ziwiri zikangana m'nyumba imodzi, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

MMENE MAKOLO ANAKONZERA

Pa mwambo wa Achewa, mwana ndi wa kwa amake. Mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kwa mkazi pa chikamwini, namanga nyumba kumeneko, nalima munda umene apongozi anamlozera. Ana amene anabala anali a mbumba ya mkazi wake, ndipo mwini wawo anali mlongo wake wa mkaziyo, ndiye tsibweni wa anawo. Mwamuna yemweyo, kwawo kumene anachokera, analinso mwinimbumba: alongo ake ndi ana awo ankayang'ana kwa iye. Kukabuka mlandu, iye ndiye ankaima pabwalo. Mwana akadwala kwambiri, iye ndiye ankauzidwa msanga. Mtsikana akafunsiridwa, mawu otsiriza anali ake. Munthu akamwalira, maliro sankaikidwa iye asanafike.

Taonani nzeru imene inali m'makonzedwe amenewa. Munthu ankasenza ana a mlongo wake, koma ana ake omwe anali ndi wina wowasenza. Katundu ankazungulira monga chipanda cha thobwa pa dima, ndipo aliyense anali ndi gawo lake. Ndiponso zimene mwinimbumba ankapereka sizinali ndalama ayi. Ankapereka miyendo yake, mawu ake, nkhuku kapena mbuzi yolipira mlandu, dengu la chimanga pa chaka cha njala. Izi ndi zinthu zimene munthu wa mphamvu zake ankatha kuzipeza osasiya nyumba yake pa umphawi.

Sitinena kuti kale zonse zinali zokoma. Mkamwini ankakhala ngati mlendo pamudzi umene anakhetsapo thukuta, ndipo ukwati ukatha ankachoka ndi bulangeti lokha. Koma pa nkhani ya kugawana katundu, aliyense ankadziwa wake.

ZIMENE ZINASINTHA

Choyamba chinali msonkho. M'zaka za m'ma 1890 boma la Angerezi linaika msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna anayamba kufunsidwa chinthu chimene sichimera m'munda wa mapira. Ambiri anapita ku Halale ndi ku Joni, ena pansi, ena kudzera kwa Mthandizi ndi Wenela, nasiya akazi ndi ana m'manja mwa atsibweni. Ena anabwera ndi njinga ndi masutikesi, ena anatchona osabweranso. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera ku migodi. Koma njira ya ku Joni siinamere udzu. Lero anyamata athu apitabe pa basi, ndipo ana awo atsala ndi agogo.

Chachiwiri chinali fodya. M'zaka za m'ma 1920 alimi a m'maboma a Lilongwe ndi Dowa anayamba kulima fodya wochiza ndi utsi kuti agulitse, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwo. Fodya afuna manja ambiri ndi miyezi yambiri: nazale m'chilimwe, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda mabelo. Mwamuna amene wagwira ntchito yonseyi pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake sanafune kumanga chigafa pamudzi pamene angathamangitsidwe mawa. Chotero chitengwa chinayamba kuchuluka, ndipo lero m'midzi yambiri ya kuno mkazi ndiye atsata mwamuna. Kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale amene kale anali wa maesiteti okha, ndalama za pa okushoni ku Kanengo ndi ku Chinkhoma zinafika m'midzi yambiri, ndipo pamodzi nazo panafika funso lakuti: ndalamazi mwini wake ndani, amene anasoka fodya kapena amene anayamwa bele limodzi ndi mlimiyo?

Chachitatu chinali sukulu ndi chiphunzitso cha mipingo. Kuyambira pamene amishoni a Dutch anafika ku Mvera mu 1889, ndi pamene ansembe athu anatsegula mishoni monga Nambuma ndi Mpherere, abambo anaphunzitsidwa kuti mwana amene wabala ndi udindo wako: umdyetse, umveke, umphunzitse. Chiphunzitso chimenechi nchabwino, ndipo lero malamulo a dziko anenanso chomwecho. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku sukulu za pulayimale, ndipo ana anadzaza makalasi mpaka pansi pa mitengo. Koma ngakhale pamene fizi ichotsedwa, zotsala zilipo: yunifolomu, makope, nsapato, ndalama za ulendo, lendi ya kanyumba kogonamo mwana pafupi ndi sukulu. Zonsezi ziyang'ana kwa bambo ndi mayi.

Chachinayi chinali imfa. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 matenda a Edzi anatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, ndiwo amene akanakhala atsibweni ndi azakhali a ana a lero. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo apulumutsa ambiri. Koma m'mabanja ena, mwa abale asanu ndi mmodzi munatsala awiri, ndipo awiriwo analandira ana a onse. Njala ya 2002, imene akuluakulu a kuno saiwala, inatsiriza mbuzi ndi njinga zimene zinatsala.

Chachisanu ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa, ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa adzukulu ambiri, nthaka yatopa, ndipo popanda feteleza siibala. Mtengo wa fetelezayo unakwera koopsa pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2022, ndi kachiwiri mu Novembala 2023, pamene inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi.

Tsono mukaphatikiza zonsezi muona chimene chachitika. Katundu watsopano, ndiye wa ana ake, waikidwa pamutu pa munthu wapakati. Koma katundu wakale, ndiye wa mbumba, sanatsitsidwe. Kwa ana ake iye ndi bambo wa masiku ano; kwa alongo ake iye ndi mwinimbumba wa masiku akale. Ndipo zonse ziwiri tsopano zifuna ndalama, zimene zibwera kamodzi pa chaka.

KATUNDU WA AMAYI

Tisaganize kuti munthu wapakati ndi mwamuna yekha. Katundu wa mayi saoneka pabwalo, koma ngolemera koposa. Munthu akagonekedwa ku Madisi, ku Mtengowanthenga, kapena ku chipatala cha boma ku Dowa ndi ku Ntchisi, amene anyamula mphika, ufa ndi nkhuni kukagona kumeneko ndi mayi. Ndipo masiku amene iye ali kuchipatala, udzu m'munda mwake suleka kumera. Pamaliro, amuna akhala panja, koma amene atunga madzi, asinja, aphika ndi kugona m'siwa ndi amayi. Mwana wamkazi akabwerera ku ukwati, kapena akapita ku Lilongwe kukafuna ntchito, makanda ake atsikira pamsana pa mayi yemweyo, amene ankayesa kuti wamaliza kubereka ana kumbuyo.

Mayi amene ali pa chitengwa ali ndi chisoni china. Amayi ake omubala akukalamba kutali, ndipo iye ndi amene pa mwambo anayenera kuwasamala. Koma kuti awatumizire ufa ayenera kupempha, pamene mwamuna wake atumiza kwawo osafunsa. Alamu ake akabwera, iye ndiye aphika nkhuku imene anaweta yekha. Akadandaula, amveka dzina lakuti mkazi wouma mtima amene wadyetsa mbale wawo mankhwala. Abambo, taganizirani bwino zimenezi. Mkazi amene afunsa za thumba la chimanga sadana ndi abale anu. Iye ndiye adziwa masiku amene atsala kuti mphika ugone osatenthedwa.

ZOLAKWA ZIWIRI

Pothawa vutoli anthu agwa m'maenje awiri.

Pali munthu amene sadziwa kukana. Aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni abwerera ndi kanthu, ndipo popeza aopa mkazi wake, apereka mobisa. Ndalama zikatha atenga katapila. Katapila akamthina agulitsa fodya kwa mavenda ali m'chigafa, kapena soya ali m'munda, pa mtengo wolira nawo. Januwale akafika apezeka pa ganyu m'munda mwa wina, wake uli m'tchire, ndipo chaka chotsatira akolola zochepa koposa. Mwana wake wamkazi asiya sukulu, ndipo posakhalitsa amveka kuti wakwatiwa, ngakhale malamulo a dziko, kuyambira 2015 ndi 2017, aletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Munthu wotere ayesa kuti akukondweretsa onse, koma potsiriza abale amnyoza kuti wapereka zochepa, ndipo ana amsungira mangawa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Palinso munthu amene atseka chitseko. Iye ati: "Ine ndili ndi banja langa, aliyense aone zake." Amanga nyumba ya malata, ana ake avala bwino, pamene amake omubala adontheredwa m'kanyumba ka udzu. Munthu wotere aiwala kuti fizi yake yomwe inalipidwa ndi mbuzi ya atsibweni ake. Aiwalanso za mawa. Tsiku limene adzadwala, ndani adzamnyamula? Ndipo iye akadzatsikira kuli chete, mkazi wake wa chitengwa ndi ana ake adzatsala pakati pa anthu amene iye anawamana. Pamenepo ndi pamene timva kuti malata asasulidwa, ngolo yatengedwa, ndipo mayi wamasiye wauzidwa kuti abwerere kwawo. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukachikwirira, chidzafukuka pa tsiku loipa.

Njira yabwino siili m'maenje awiriwa. Munthu sangaleke kukhala bambo, ndipo sangaleke kukhala mbale. Chimene angathe ndicho kuleka kusenza yekha ndi kuleka kusenza mobisa.

MALANGIZO ATHU

Loyamba: werengani pamodzi, mwamuna ndi mkazi, pa nthawi yokolola, alendo asanayambe kufika. Tiyerekeze kuti mwapeza matumba 24 a chimanga, ndipo nyumba yanu idya matumba 18 kufikira chimanga china. Pamenepo mudziwa kuti muli ndi matumba 6 okha oti muganizire zina. Patulanitu gawo la abale, la kuchimuna ndi la kuchikazi mofanana, ndipo muliike padera. Wopempha akabwera mu Febuluwale, mutapa pa gawo limenelo ndi mtima woyera, popanda kunong'onezana usiku. Chitani chimodzimodzi ndi ndalama za fodya, za soya ndi za mtedza. Ndipo musalonjeze munthu ndalama za mabelo amene sanagulidwe, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lachiwiri: ikani zinthu pa mndandanda wake. Patsogolo pakhale chakudya cha nyumba, mbewu ndi feteleza, pakuti munda ndiwo udyetsa onse, abale omwe. Pambuyo pake matenda, a m'nyumba ndi a makolo a mbali zonse ziwiri. Kenaka sukulu ya ana, anu ndi amasiye amene mwawalandira, osasiyanitsa. Zotsala ndizo za maukwati, zinkhoswe ndi ziliza. Kumanga chiliza ndi ulemu wabwino kwa amene anatisiya, koma chiliza chingathe kudikira chaka china, pamene mwana amene waphonya mayeso chaka sichimdikira.

Lachitatu: itanani abale anu onse kamodzi pa chaka, m'chilimwe ntchito itachepa, m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala. Musadikire maliro kuti akusonkhanitseni, pakuti pamaliro anthu alankhula ndi mitima yotupa. Khalani pansi pamodzi ndi alongo, achimwene, ndi alamu omwe. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni amve pa foni. Tchulani katundu yense poyera: amayi okalamba adya kwa yani, denga lawo afolera ndani, mwana wamasiye uyu agona kuti, makope ake agula ndani, wodwala akagonekedwa adikirira ndani sabata yoyamba ndi yachiwiri. Amene alibe ndalama ali ndi manja. Amene ali kutali ali ndi foni yotumizira ndalama. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo athu sanafune kuti mwinimbumba akhale nkhokwe ya mudzi wonse. Anafuna kuti akhale wosonkhanitsa anthu.

Lachinayi: pothandiza mbale, sankhani thandizo lomuimiritsa. Ndowa ya ufa itha pa sabata, koma mbewu ya mtedza kapena ya soya yoperekedwa mu Novembala idyetsa chaka. Mbuzi yaikazi yobwereketsa, yakuti mwana woyamba akhale wake ndipo make abwerere, yatukula mabanja ambiri. Tsiku limodzi la dima m'munda mwa mlongo wamasiye, pa nthawi yopalira, liposa ndalama zimene mungampatse pa nthawi ya njala. Mlimbikitseni kulowa banki m'khonde, kuti pa vuto laling'ono asathamangire kwa inu kapena kwa a katapila. Ndipo ngati pali nkhalamba yolera ana amasiye yopanda womgwirira ntchito, kafunseni kwa mfumu ndi ku komiti ya m'mudzi za Mtukula Pakhomo, thandizo la boma limene linayambira ku Mchinji mu 2006. Lifikira mabanja ochepa okha, koma linakonzedwera anthu otere.

Lachisanu: phunzirani kukana poyera ndi mwaulemu. Kunena kuti "Pepani alongo, chaka chino sindingathe, koma tiyeni tikaonane ndi achimwene" si tchimo. Choipa ndicho kulonjeza ndi pakamwa chimene mulibe m'thumba, kapena kunamizira mkazi wanu kuti ndiye wakaniza. Mwamuna amene ati "Ndikanakupatsani, koma alamu anuwa" wagula mtendere wa tsiku limodzi ndi chidani cha moyo wonse, ndipo chidanicho chidzagwera mkaziyo iye atapita.

Lachisanu ndi chimodzi: konzani za imfa yanu mukadali ndi mphamvu. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Lamuloli liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira womwalirayo, ndipo liti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Munthu aliyense wamkulu angathe kulemba wilo, naisainira pamaso pa mboni ziwiri zimene zisainanso. Kulemba wilo sikuitana imfa, monganso kufolera nyumba sikuitana mvula. Ngati mufuna kuti mwana wa mlongo wanu adzalandire njinga kapena ng'ombe, lembani. Ngati mufuna kuti mkazi wanu adzakhalebe m'nyumba imene munaumba njerwa zake pamodzi, lembani, ndipo munene mawu omwewo pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ndi pamaso pa mfumu. Za munda wa makolo kambiranani ndi eni mbumba mukadali moyo, kuti ana anu adzadziwe polima.

Lachisanu ndi chiwiri: samalani thupi lanu. Anthu a msinkhu uwu ambiri adwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi osadziwa, pakuti siipweteka poyamba. Ena aidziwa atagwa kale ndi kufa ziwalo. Popita kukaona wodwala kuchipatala, pemphani kuti akuyezeni inunso. Ndipo tsiku la Mulungu likhale lopumuladi, kwa amayi omwe.

MAWU KWA ABALE NDI KWA MIPHAKATI

Tsopano titembenukira kwa inu amene mupempha. Kupempha si manyazi, pakuti lero ndi inu, mawa ndi iwo. Koma pemphani pa nthawi yake. Ngati mudziwa mu Juni kuti chimanga chanu sichifika Khirisimasi, nenani mu Juni, pamene mbale wanu angathe kukonza. Musadikire tsiku limene mphika wauma. Pobwera, bwerani ndi khasu. Mnyamata amene afuna kuti atsibweni amgulire makope, abwere pa tchuthi adzathandize kusoka fodya. Ndipo polandira, thokozani awiri: mbale wanu ndi mlamu wanu, pakuti thukuta lili m'thumbalo ndi la onse awiri.

Inunso ana amene mwakula, taonani makolo anu. Bambo amene akhala chete pakhonde madzulo sakhala chete chifukwa alibe mawu, akuwerengera. Mwana wa zaka 20 amene adya pakhomo osagwira khasu wawonjezera katundu pamene anayenera kutsitsa.

Miphakati yathu, imene inakhazikika m'dayosizi ya Lilongwe pa msonkhano wa zaka za 1973 mpaka 1975 m'nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, inakonzedwa kuti akhristu oyandikana asenzerane zolemetsa. Tizolowera kuyendera odwala ndi ofedwa, ndipo tichita bwino. Koma tiyenderenso nyumba imene ili ndi wodwala kuchipatala, tikaipalirire munda tsiku limodzi. Tigwirizanenso ndi mafumu kuti maliro asamasiye nyumba yofedwa yopanda chimanga ndi mbuzi. Kulira mnzathu sikufuna kuti tidye mbewu ya ana ake.

POTSIRIZA

Tibwerere ku nyumba ija tinaisiya usiku. Mayi anafunsa kuti, "Awa agona muno ndi ana a yani?" Yankho loona ndi lakuti: ndi ana a awiriwo, ndipo ndiwo oyamba, pakuti alibe khomo lina. Koma mwana wa mlongo amene sanadye chiyambire dzulo nayenso ndi mwana, ndipo mayiyo, akanafunsidwa m'mawa, mwina akanatapa chimangacho ndi manja ake. Chimene chinamuwawa si chimanga ayi, koma kusafunsidwa.

Chifukwa chake, abale athu, pempho lathu mwezi uno ndi laling'ono. Musanagone lero, mwamuna ndi mkazi, tengani nyali mukaone m'nkhokwe pamodzi, muwerenge zimene zilimo ndi anthu amene akuziyembekeza, a m'nyumba ndi a kunja, a kuchimuna ndi a kuchikazi. Mukatero, sankhani tsiku la m'chilimwe loitana abale, ndipo mutumize uthenga msanga.